Dzimbiri la mbali imodzi: nkhani ya galimoto yomwe inkaolera m'kati

Galimotoyi ndi yaing'ono ya zitseko zinayi, yokhala ndi sunroof (galasi lotsegula la padenga), ndipo inali itatha zaka 11 pomwe inafika pagalaja pathu. Mwini wake ndi mayi wina amene anaigula kwa munthu wina zaka zingapo m'mbuyomo. Dandaulo lawo linali lomwe tonse ogwira ntchito ya bodi ndi penti timalimva kawirikawiri: pa penti panali patatuluka timatuza, tina m'munsi mwa chitseko chakumbuyo cha kumanzere, tina pa sill, chitsulo chachitali chija chimayenda pansi pa zitseko kuchokera ku tayala lakutsogolo kukafika ku lakumbuyo. Timatuzato sitinkakwana sentimita imodzi kukula kwake, ndipo penti wake anali asanasweke n'komwe.

"Abambo, ine sindikufuna zambiri ayi," anatero mayiwo. "Mungopalapo bwinobwino n'kupoperanso penti, basi."

Ndinawayankha kuti ndiyambe ndaona kaye. Dzimbiri loyambira kunja limakhala ndi poyambira pooneka, mwina pomwe mwala unagamula penti kapena pomwe panakandika. Koma thuza lotuluka pa penti wosasweka limasonyeza kuti pansi pake pali chomwe chikukankha. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimasanduka dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, n'chifukwa chake limatukumula penti. Pofika poti mwini galimoto aone thuza, chitsulo chimakhala chitadyeka kale kuchokera kuseri.

Zomwe tinapeza poyamba

Tisanakhudze grinder tinayeza kukhuthala kwa penti galimoto yonse ndi kachipangizo koyezera. Penti wa kufakitale nthawi zambiri amakhala pakati pa ma micron 80 ndi 180 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Padenga, pa boneti ndi mbali yonse ya kumanja manambala anali momwemo. Kumanzere kunali nkhani ina. Madigadi yakutsogolo ndi zitseko zonse ziwiri zinkaonetsa kuti zinapoperedwapo kachiwiri, ndipo m'munsi mwa chitseko chakumbuyo ndi kumapeto kwa sill kachipangizoko kanadutsa ma micron 1,000. Maginito ankakana kugwira pamenepo. Kwa amene mulibe choyezera, maginito aang'ono okulungidwa m'kansalu amakuuzani zofananazo: pomwe akuterereka n'kugwa, pali fila wambiri, phala lija timamata posalaza malo opindika pa bodi.

Mayiwo sankadziwa kuti galimoto yawo inagundidwapo. Amene anakonza anafananitsa penti mwaluso ndithu, ndipo pamenepo ndiyenera kumuyamikira.

Chinthu chachiwiri chomwe ndinayang'ana ndi pansi pa galimoto, mbali zonse ziwiri. Galimoto yomwe inayendapo m'mayiko omwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, kapena yomwe yakhalitsa m'mbali mwa nyanja ya mchere, imachita dzimbiri mofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo mabawuti, mapaipi a mabuleki ndi zitsulo zogwira matayala zimakhala zofiira zonse. Galimoto yodyedwa ndi matope nayonso imaonetsa dzimbiri m'mphepete mwa madigadi onse, momwe matope amamatirira n'kusunga chinyezi. Iyi sinali choncho. Kumanja kunali koyera, penti wa kufakitale ali m'malo. Dzimbiri la mbali imodzi limakhala ndi chifukwa chake cha mbali imodziyo, ndipo ntchito yathu ndi kuchipeza.

Titaika jeki kumbuyo kwa sill ya kumanzere, mphepete mwa chitsulo momwe jeki imagwira munayamba kupindika n'kumveka kuthetheka. Tinaitsitsa msanga n'kukweza galimotoyo pogwira malo ena. Nditabaya thuza lalikulu ndi nsonga ya sikuludiraiva, inangolowa yonse popanda kukankha.

Titapala fila tinapeza chigamba cha chitsulo chomwe anangochisanjika pamwamba pa chitsulo chakale, n'kuwotcherera apa ndi apo m'mphepete. Pakati pa zitsulo ziwirizo panali dzimbiri lokhalokha, lofufuma m'mapepalamapepala. Kuseri kwa chigambacho kunalibe penti kapena phula lililonse. Ndipo pansi pa sill yonse anapakapo phula lakuda lokhuthala lija timapaka pansi pa galimoto, mpaka linatseka timabowo tonse totulutsira madzi. Chinali ngati chilonda chomwe chapola pamwamba pomwe m'kati muli mafinya.

Pomwe nkhani inatembenukira

Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anabowola kamodzi mwa timabowo totsekekato ndi waya. Madzi ofiirira anatuluka mothamanga, osati madontho ayi, koma okwana kudzadza botolo laling'ono n'kutayikira pansi.

Apa m'pomwe ambiri a ife timalekera kufufuza. Mabowo otseka tawapeza, chigamba cholakwika tachipeza, ndiye tidule, tiwotcherere, tipopere. Koma kuchuluka kwa madziwo sikunandikhalire bwino. Sill yomwe mabowo ake atsekeka imachita chinyezi chifukwa cha nthunzi yomwe imasanduka madzi usiku komanso timadzi tolowera m'timabowo ta zogwirira mapulasitiki. Siidzadza madzi. Kuti idzadze, payenera kukhala pena pomwe madzi akuthiridwa ambiri nthawi imodzi. Ndipo masiku amenewo mvula sinali kugwa.

Tinakweza kapeti ya kumanzere. Pamwamba inali youma, koma chinkhupule cha pansi pake chinali chonyowa kutsogolo, pafupi ndi mwendo wa chitseko. Mayiwo atafunsidwa anavomera kuti magalasi amachita nthunzi m'kati m'mawa uliwonse ndipo kafungo ka chinyontho kanalipo kuyambira kale, kungoti anazolowera.

Tinayamba kuyesa ndi madzi malo amodziamodzi, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Dongosolo limeneli n'lofunika, chifukwa ukayamba kuthira padenga madzi amayenda paliponse ndipo sudziwa kuti alowera pati. Mphira wa zitseko sankadontha. M'mphepete mwa galasi lakutsogolo simunkadontha. Mumphako wa pansi pa ma wiper munali masamba ochepa koma madzi ankatuluka bwino. Kapaipi kotulutsa madzi a air conditioner nakonso kanali kotsegula. Kunatsala sunroof.

Eni magalimoto ambiri amaganiza kuti mphira wa sunroof amatsekeratu madzi. Satero, ndipo sanapangidwire kutero. Madzi ena amadutsa n'kugwera m'kangalande kozungulira pansi pa galasilo, ndipo m'makona mwake muli timapaipi tomwe timatsika m'kati mwa mizati ya bodi kukataya madziwo pansi pa galimoto. Tinatsegula sunroof n'kuthira madzi pang'onopang'ono pakona yakutsogolo ya kumanja. Posakhalitsa anatulukira pansi, kuseri kwa tayala, monga ziyenera kukhalira. Titathira pakona ya kumanzere, pansi sipanadonthe kanthu. Tinangomva kulira kwa madzi m'kati mwa bodi, kenako n'kuwaona akutulukira pabowo lomwe tinali titatsegula kumbuyo kwenikweni kwa sill.

Titachotsa pulasitiki wa m'munsi mwa mzati wakutsogolo tinakapeza kapaipiko kali lende, katavuka pamphira wake wotulukira kunja, kukamwa kwake kutaloza m'mphako yomwe imalumikizana ndi sill. Pamphirapo panali penti wopoperedwa, kutanthauza kuti kanavuka pa nthawi yomwe ankakonza mbali imeneyi ndipo sikanabwezeretsedwe. Kuyambira pamenepo mvula iliyonse, ngakhalenso kutsuka galimoto ndi paipi, zinkathira madzi m'kati mwa sill yomwe mabowo ake anali otseka.

Funso limodzi linatsala: ngati madzi ankalowera kutsogolo, bwanji dzimbiri linaboola kumbuyo? Chigamba chopanda chitetezo chija chinali yankho limodzi. Lina linachokera kwa mwini wake. Nditawafunsa kuti, "Mayi, kodi pomwe mumaimika galimotoyi usiku m'poyalana?" anati ayi, m'potsetsereka, ndipo amaimika kutsogolo kutaloza kumtunda. Choncho madzi onse ankatsetserekera kumbuyo n'kukagona pachigamba pomwepo. Anzanga, pomwe dzimbiri laonekera ndi pomwe madzi amagona, ndipo pomwe amalowera pakhoza kukhala patali mamita awiri.

Chitseko chinali ndi vuto lakelake losakhudzana ndi sunroof. M'chitseko chilichonse mumalowa madzi kudzera pamphira wa galasi, ndipo amatulukira m'timabowo ta pansi pake. Apa timabowoto tinali titatsekedwa ndi fila ndi penti. Dzimbiri linali litalowa mumsoko wa m'munsi, momwe chitsulo chakunja chimapindira pa cham'kati.

Zomwe tinagwirizana ndi mwini wake

Ndinawaitana mayiwo kuti adzaone okha, ndipo ndinathira madzi pa sunroof iwo akuona. Kufotokoza pafoni sikukanathandiza, chifukwa munthu amene anabwera kudzapopetsa penti akamva kuti pafunika kudula chitsulo amayamba kukayikira kuti mmisiri akufuna kukulitsa ntchito. Ataona madzi akutulukira kumbuyo anangoti, "Ndiye nthawi yonseyi ndimayenda ndi madzi?"

Ndalama zomwe anakonza sizikanakwanira zonse, choncho tinayenera kusankha choyamba. Iwo mtima unali pachitseko, chifukwa m'pomwe pamaoneka. Ine ndinaumirira pa sill. Galimoto zazing'ono zambiri za masiku ano zilibe chassis yapadera, bodi ndiyo imanyamula zonse, ndipo sill ndi umodzi mwa misana yake. Ndiyo imalandira mphamvu galimoto ikagundidwa m'mbali, mzati wapakati womwe lamba wa pampando amagwira umakhazikika pa iyo, ndipo jeki imagwira pomwepo. Chitseko chowola m'munsi chimanyansa, koma mukhoza kuchimasula n'kuikapo china tsiku lililonse.

Anafunsanso za mankhwala aja amati amasandutsa dzimbiri, poti anamva kuti ukangopaka dzimbiri limafa. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake. Ambiri amakhala ndi phosphoric acid kapena tannic acid, ndipo amasandutsa dzimbiri la pamwamba kukhala kachikopa kakuda kolimba komwe kangathe kulandira penti. Koma amagwira pokhapo pomwe afika. Salowa pansi pa dzimbiri lokhuthala, salowa bwino mumsoko wopindidwa, ndipo sabweza chitsulo chomwe chadyeka. Pa sill yobooka sakanathandiza chilichonse.

Tinamvana motere: sill idulidwe n'kuikidwa chitsulo chatsopano, kapaipi kabwezeretsedwe, mabowo onse atsegulidwe, ndipo chitseko chingoyeretsedwa, kupakidwa mankhwala ndi penti kuti chidikire. Ndinawauza mosabisa kuti pachitsekopo dzimbiri lidzabweranso, ndipo zimenezi tinazilemba pa job card n'kusainirana.

Momwe ntchito inayendera

Tinachotsa batire, mipando ya kumanzere ndi kapeti yonse, n'kusuntha mawaya omwe amadutsa m'mbali mwa sill. Galimoto zokhala ndi ma airbag am'mbali zimakhala ndi masensa pafupi ndi mzati wapakati, ndipo pansi pake pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, choncho muyenera kudziwa chomwe chili kuseri musanayatse moto. Chinkhupule cha kapeti tinachiyanika padera mpaka chitaumiratu. Galimoto yonse tinaiphimba, magalasi omwe, chifukwa tizitsulo touluka pa grinder timamatirira pa penti ndipo mvula ikagwa timasanduka timadontho ta dzimbiri paliponse.

Podula, lamulo langa ndi loti ndipitirire mpaka nditafika pa chitsulo chowala chokhuthala monga chinalili, kenako ndionjezerenso masentimita angapo. Bowo lomwe linkaoneka ngati laling'ono linatha ndi kudula chitsulo chakunja chotalika pafupifupi masentimita 60. Chitsulo chakunja cha bodi ya galimoto zotere sichikwana n'komwe milimita imodzi, ndiye chikadyeka theka chimangopsa n'kubooka ukayesa kuchiwotcherera.

Mwayi unalipo pa chitsulo cholimbitsa cham'kati. Chinali ndi dzimbiri la pamwamba ndi timaenje tosazama, koma titachiyeretsa chinali cholimba, chimalira bwino chikamenyedwa ndi nyundo. Zitsulo zam'katizi m'galimoto zambiri ndi zolimba mwapadera, ndipo kutentha kwambiri kumazifooketsa, n'chifukwa chake opanga magalimoto amaletsa kuzidula paliponse pomwe munthu wafuna. Chikanakhala chobooka, ndikanalangiza kusintha chigawo chonse motsatira malangizo a opanga, kapena kuwauza mayiwo kuti aganizirenso ngati galimotoyo ndi yoyenera kuwonongerapo ndalama. Apa mankhwala osandutsa dzimbiri anagwira ntchito yake yeniyeni, m'timaenje tomwe burashi ya waya sinafike. Titapaka tinatsuka zotsalira zake bwinobwino n'kuumitsa, chifukwa epoxy primer, penti woyamba wotetezera chitsulo, sagwira bwino pomwe patsalira asidi.

Chigamba chatsopano tinachipinda kuchokera ku chitsulo chokhuthala mofanana ndi chakale, ndipo tinachilumikiza mlomo ndi mlomo, osati kusanjikiza. Kusanjikiza n'kosavuta ndipo n'kofulumira, koma kumasiya kampata pakati pa zitsulo ziwiri komwe madzi amalowa osatulukanso, ndipo ndi komwe kunawononga ntchito yoyamba ija. M'mphepete mwa pansi, momwe zitsulo zimayenera kugonerana monga anapangira kufakitale, tinapaka primer wa zinki wololera kuwotcherera n'kulumikiza kudzera m'timabowo. Kuseri kwa chigamba tinapakiratu epoxy tisanachiike, n'kusiya m'mphepete mokha. Kuwotcherera kunali kwa MIG (makina owotcherera ndi waya ndi gasi), kadontho apa, kadontho uko, kudikira pazizire, kuti chitsulo chisapindike. Pamene pali zinki pamatuluka utsi woyera womwe umadwalitsa, choncho mpweya uziyenda ndipo kumphuno muvale choyenera.

Titasalaza msoko tinawalitsa tochi kuseri kufuna timabowo tomwe tingatsale. Kabowo kangati nsonga ya singano n'kokwanira kudutsitsa chinyezi kuchokera m'kati kukafika pa fila. Tinapeza tingapo n'kutitseka ndi moto, osati ndi fila.

Apa pali pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena. Ambiri amapaka fila pachitsulo chosapaka kanthu, primer pambuyo. Ine pamalo onyowa ngati sill ndimayamba ndi epoxy primer pachitsulo, fila pamwamba pake, kenako epoxy kachiwiri. Fila wa polyester amamwa chinyezi, ndipo akagona pachitsulo chamaliseche chinyezicho chimafika pachitsulo. Zimatenga nthawi yochulukirapo chifukwa epoxy amachedwa kuuma, koma fila amakhala atatsekeredwa pakati. Fila wakeyo anali wopyapyala, wongosalazira msoko. Ndiponso fila sasalazidwa ndi sandipepa wa madzi.

Misoko yonse tinaimata ndi seam sealer yoletsa madzi kulowa, pansi pa sill tinapoperapo chotetezera miyala, kenako penti ndi clear, wonyezimira wa pamwamba uja. Timabowo totulutsira madzi tinatitseka kaye ndi timitengo popopera, n'kutichotsa titamaliza, kenako n'kuyesa kalikonse ndi waya.

Chomalizira chinali cavity wax, phula lamadzimadzi lomwe timapopera m'kati mwa mphako ndi kapaipi katalikatali komwaza mbali zonse. Moto wowotcherera umapsereza chilichonse chomwe chili kuseri kwa msoko, ndipo malo amenewo burashi siifika, ndiye popanda phulali msoko watsopano ndi womwe umayamba kuchita dzimbiri. Liyenera kukhala lomalizira pa zifukwa ziwiri: limayaka likakumana ndi moto, ndipo likadonthera pomwe mukufuna kupopera penti sagwira. Tinapopera mpaka litayamba kudontha m'mabowo apansi, ndipo tinachita chimodzimodzi m'sill ya kumanja ndi m'zitseko zonse zinayi. Phulali likauma pang'ono muyang'anenso mabowo, chifukwa nalonso limatseka.

Kapaipi ka sunroof tinakabwezera pamphira wake n'kukamanga kuti kasavukenso. Timapaipi tonse tinatitsuka ndi madzi ndi chingwe chofewa cha pulasitiki. Mpweya wa kompuresa wamphamvu sitigwiritsa ntchito pamenepa, chifukwa ukhoza kuvula kapaipi m'kati mwa denga n'kuyambitsa vuto lomwelo pamalo ovuta kufika.

Zomwe zinachitika pambuyo pake

Powapatsa galimoto ndinawaonetsa mayiwo pomwe pali timabowo ta pansi pa zitseko ndi pa sill, ndi momwe angayesere sunroof okha ndi botolo la madzi mvula isanayambe. Ndinawauzanso kuti potsuka azithira madzi m'kati mwa madigadi kuchotsa matope a m'mphepete, ndipo pomwe mwala wagamula penti azipakapo msanga.

Anabweranso nyengo ya mvula itadutsa. Pansi pa kapeti panali pouma, magalasi analeka kuchita nthunzi. Tinachotsa kamphira ka pa sill n'kulowetsa kakamera: phula linali m'malo, msoko woyera, madzi mulibe. Jeki inagwira bwino popanda kuthetheka.

Chitseko chinachita zomwe tinanena. Pakona yake ya m'munsi panali patatuluka timatuza tatsopano, totsatira mzere wa msoko wopindidwa uja. Mabowo anali otsegula ndipo m'kati munali mouma, choncho dzimbirili silinali latsopano, linali lomwe linatsalira mumsoko pomwe mankhwala ndi phula sizinafike. Poti zinali zolembedwa, panalibe kukangana. Mayiwo anafunsa ngati tingapalenso n'kupopera, ndipo ndinakana, chifukwa akanalipira kawiri ntchito yomwe tonse tinkadziwa mapeto ake. Kudula m'munsi mwa chitseko n'kupinda msoko watsopano n'kotheka, koma nthawi yake ndi yochuluka kuposa mtengo wa chitseko chabwino chochotsedwa pa galimoto ina.

Anapeza chitseko chotero. Tisanachiike tinachiyeza penti, tinachotsa chophimba cham'kati n'kuunika msoko wa pansi ndi tochi, ndipo unali woyera. Tinachipopera penti, phula pambuyo, n'kubwezeretsa pepala la pulasitiki lomwe limakhala kuseri kwa chophimba, lomwe ntchito yake ndi kuletsa madzi a m'chitseko kulowa m'galimoto. Pa ulendo womwewo tinaona kuti chotetezera miyala cha pansi pa sill chagamuka pang'ono kuseri kwa tayala lakutsogolo, pomwe miyala imamenya kwambiri. Tinakonzapo n'kuika ma mudflap, zotchinga matope ndi miyala kuseri kwa matayala, omwe galimotoyi inalibe chiyambire.